Kanema wa ku India ndi Zinenero Zace

Anthu ambiri kuno kwathu aganiza kuti Amwenye onse ndi mtundu umodzi, wolankhula cinenero cimodzi cimene ife tingocicha Cimwenye. Akaona filimu ya anthu oyimba ndi kubvina pakati pa maluwa, angoti, "Iyo ndi ya Amwenye," ndipo nkhani ithera pomwepo. Koma India ndi dziko lalikulu ndithu, ndipo anthu ace acuruka koposa a dziko lina liri lonse. Malamulo akulu a dzikolo achula zinenero 22 zimene Boma lizilemekeza, osawerengera zina zambirimbiri za kumidzi. Munthu wa ku Gujarat, kumene kunacokera makolo a Amwenye ambiri a masitolo a ku Chipata ndi ku Lusaka, samva Citamil ca kumwera kwa dziko lace lomwe, monga Mcewa wa ku Katete samva Cilozi ca ku Mongu. Zinenero zimenezi ziri ndi mabuku ace, nyimbo zace, ndiponso kanema wace.

Ine ndine kalaliki wa Boma. Nchito yanga ndiyo kulandira makalata, kuwapatsa manambala, ndi kuwasunga m'mafailo kuti apezeke tsiku limene afunidwa. Ndikaweruka madzulo ndikonda kuonera kanema, ndipo pa zaka khumi zapitazi ndaonera mafilimu ambiri a ku India, akale ndi atsopano, ndi kuwerenganso mbiri yao. Nkhani ino ndalembera inu anyamata ndi asungwana amene mwangotsiriza sukulu, pakuti ndiona kuti ambiri a inu mukadziwa Cingerezi muyamba kucita manyazi ndi Cinyanja, ndi kuciyesa cinenero ca kumsika ndi ca kumadimba cabe. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tibwereke kalumo ka Amwenye, kapena kangatimete bwino.

Kanema, amene makolo athu anali kumucha baisikopo, anafika ku India m'caka ca 1896, pamene nthumwi za abale awiri a ku France ochedwa Lumière zinaonetsa zithunzi zoyenda pa Watson's Hotel mumzinda wa Bombay, umene lero uchedwa Mumbai. Panapita zaka Amwenye akuonera nkhani za Azungu. Tsono kunali munthu wina dzina lace Dhundiraj Govind Phalke, wodziwa kujambula ndi kusindikiza, amene tsiku lina analowa m'nyumba ya kanema naonera filimu ya moyo wa Yesu Kristu. Iye sanali Mkristu, koma anaturuka ndi funso mumtima: kodi nkhani za makolo ace, za Rama ndi Krishna, sizingaoneke pansaru yomweyo? Anakongola ndalama, napita ku London m'caka ca 1912 kukaphunzira nchitoyo ndi kugula makina. M'caka ca 1913 anaonetsa filimu yace, Raja Harishchandra, nkhani ya mfumu imene inalola kutaya ufumu, mkazi ndi mwana kuti isabweze mau ace. Panalibe mkazi wobvomera kuonekera pansaru, cifukwa masiku amenewo cinali cinthu camanyazi. Cotero mnyamata wina wogwira nchito m'nyumba yodyera, Anna Salunke, anabvala nsaru zacikazi nakhala mfumukazi. Mkazi wa Phalke, Saraswati, ndiye anali kuphikira onse a nchitoyo ndi kuthandizanso kutsuka filimu m'mankhwala.

Ife amene tinaphunzira ku mishoni tinaonetsedwa zithunzi zotere kawirikawiri. Koma ndi angati a ife anafunsa funso la Phalke? Nkhani tiri nazo. Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi Angoni ace m'caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linada usana. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anamenyana ndi Azungu m'caka ca 1898 naphedwa. Ulendo wa Amaravi, ufumu wa Undi, ngakhale nzeru za Kalulu, zonsezi zidikira munthu woziika pansaru.

Mafilimu oyambawo sanali kulankhula. Anthu anali kuona milomo iri kugwedezeka, ndi kuwerenga mau ocepa olembedwa pakati pa zithunzi. Motero filimu imodzi inatha kuyenda dziko lonse, pakuti kulira ndi kuseka kulibe cinenero. Angerezi amene anali kulamulira India anazindikira msanga mphamvu ya cinthu cimeneci, naika lamulo m'caka ca 1918 lakuti filimu iri yonse iyambe yaonedwa ndi akulu a Boma. M'caka ca 1921 analetsa filimu yochedwa Bhakta Vidur. Nkhani yace inali ya makedzana, koma munthu wanzeru wa m'nkhanimo anabvala cipewa ndi nsaru zonga za otsata Gandhi, ndipo ali yense anamva cimene cinali kunenedwa. Ndi momwe anthu olamulidwa alankhulira: achula Fisi ndi Kalulu, koma womva amva.

Pa 14 March 1931 zinthu zinasanduka. Tsiku limenelo Ardeshir Irani anaonetsa ku Bombay filimu yolankhula yoyamba ya ku India, Alam Ara, yokhala ndi nyimbo 7, ndipo khamu linacuruka kotero kuti apolisi anaitanidwa kudzaliweruza. Pomwepo panabuka bvuto limene kale panalibe: nanga kanemayu alankhule cinenero citi? Sanayembekezere Boma kuti liweruze mlanduwo. Caka comweco kunaturuka mafilimu olankhula Cibengali ku Calcutta, ndi Kalidas ya anthu a Citamil. M'caka ca 1932 anatsatira a Citelugu, a Cimarathi ndi a Cigujarati. Cikannada m'caka ca 1934. Ciassam m'caka ca 1935. Cimalayalam m'caka ca 1938. Pasanathe zaka khumi mtundu uli wonse waukulu unali utadzimva wokha pansaru. Ici ndico cinachinjiriza kanema wa ku India. M'maiko ambiri mafilimu a ku America anapitikitsa a eni dziko, koma mlimi wa ku Madurai sanafune kulipira ndalama yace kuti amve Cingerezi pamene nyumba ina inali kumuimbira m'cinenero ca amace.

Anzanga ku ofesi aseka akaona munthu wofedwa kapena wogwa m'cikondi ayamba kuimba pakati pa nkhani. Ine siniseka ai. Kumbukirani madzulo a kumudzi, agogo akati, "Padangotero," ife ndi kuyankha, "Tiri tonse." Kodi nthano inali kufika kumapeto osaimbamo nyimbo, mwana wamasiye akaitana mbale wace kudziwe? Masewero a ku India anali otero kanema asanafike, ndipo kanema anangolowa m'nyumba imene anaipeza. Filimu ya Indrasabha ya m'caka ca 1932 inali ndi nyimbo pafupifupi 70. Kuyambira 1935 anapeza nzeru yakuti woimba aimbe padera, ndipo wosewera angogwedeza milomo. Ndi njira imeneyi Lata Mangeshkar, amene anamwalira m'caka ca 2022, anaimbira akazi a mibadwo itatu m'zinenero zoposa 30, anthu osaona nkhope yace pansaru.

Sizonse zinali zokoma. Amwenye ali ndi mwambo wakale wogawa anthu m'magulu mwa kubadwa, ena apamwamba, ena oyesedwa odetsedwa osayenera kukhudzidwa. Ku Kerala, J. C. Daniel popanga filimu yoyamba ya dera limenelo, Vigathakumaran, anatenga msungwana wa gulu lonyozekalo, P. K. Rosy, kuti asewere monga mkazi wa gulu lapamwamba. Anthu anapsa mtima, naponya miyala pansaru, natentha nyumba yace, iye nathawa osabweranso. Koma kanema yemweyo anayamba kufunsa mwambowo. M'caka ca 1936 Devika Rani ndi Ashok Kumar anasewera mu Achhut Kanya, nkhani ya cikondi ca mnyamata wa gulu la ansembe ndi mwana wamkazi wa munthu wonyozeka. Bala limeneli silinapole konse mpaka lero, ndipo mafilimu a Cimarathi ndi a Citamil akali kulitsegula kuti lionedwe.

M'caka ca 1943, nkhondo yaikulu iri mkati, filimu ya Kismet inaimba nyimbo youza alendo kuti acoke m'dziko la eni ace. Akulu a Boma anailola cifukwa inachula Ajeremani ndi Ajapani, koma oonera anadziwa alendo amene anali kunenedwa. Ufulu unafika mu August 1947, koma unafika ndi mpeni. Dziko linang'ambidwa pawiri, India ndi Pakistan, mwa cipembedzo. Anthu oposa 10 miliyoni anasiya midzi yao, ndipo ambirimbiri anaphedwa panjira. Mzinda wa Lahore, umene unali ndi nyumba zace zopangira mafilimu, unagwera ku Pakistan. Woimba wochuka Noor Jehan anasamukira kumeneko, pamene Ahindu ambiri a nchito ya kanema anathawira ku Bombay. Cimene cindicititsa cidwi ndi ici, cakuti kanema wa ku Bombay sanalole kung'ambika monga dziko. Cinenero cace cinakhalabe cosanganiza Cihindi ndi Ciurdu. Dilip Kumar, wosewera wolemekezeka koposa wa masikuwo, anali Msilamu wobadwira ku Peshawar, dzina lace lenileni Yusuf Khan. Mu filimu ya Baiju Bawra ya m'caka ca 1952 muli nyimbo yopembedza mulungu wa Ahindu. Wolemba mau ace Shakeel Badayuni, wopeka maimbidwe Naushad, ndi woimba Mohammed Rafi, onse atatu anali Asilamu.

Zaka zotsatira ufulu ndizo zinabala mafilimu amene ine ndiwakonda koposa. Awaara ya Raj Kapoor, ya m'caka ca 1951, inakondedwa mpaka ku Russia ndi ku China. Mother India ya Mehboob Khan, ya m'caka ca 1957, isimba za mai wolera ana yekha pansi pa ngongole ya munthu wakatapira. Koma imene inandigwira mtima ndiyo Do Bigha Zamin ya Bimal Roy, ya m'caka ca 1953. Mlimi ali ndi kamunda kakang'ono. Mwini cuma akafuna kuti amangepo fakitale, ndipo amkokera kubwalo la milandu cifukwa ca ngongole. Mlimiyo apita ku Calcutta kukakoka ngolo yonyamula anthu ndi mikono yace, kuti apeze ndalama yoombolera munda. Ndalama siikwana. Abwerera kwao napeza mpanda, ndipo pofuna kutapa dothi lodzala dzanja, mlonda amletsa. Poonera ine ndinakumbukira agogo anga amuna, amene anacoka kumudzi ndi bulangete limodzi kupita ku Migodi kukafuna ndalama ya msonkho, nabwera ndi cifuwa cimene sicinawasiye. Sindimva Cihindi, koma nkhani imeneyo ndinaimva yonse.

Ku Calcutta kunali mnyamata wina wogwira nchito yojambula zithunzi za malonda pa kampani ina, dzina lace Satyajit Ray. Anafuna kupanga filimu kucokera m'buku la Cibengali lonena za banja losauka la kumudzi. Eni ndalama anamkana, cifukwa munalibe nyimbo zobvina kapena anthu ochuka. Iye anayamba kujambula masiku opuma nchito, nagulitsa zace, napinyolitsa zokometsera za mkazi wace. Nchito inaima kawirikawiri, mpaka Boma la West Bengal linamkongoza ndalama. Olemba mbiri yace asimba kuti popeza dzina la filimuyo, Pather Panchali, litanthauza nyimbo ya kanjira, ndalamayo inalembedwa m'mabuku monga ya kukonza miseu. Ife a m'maofesi tidziwa kuti ndalama iri yonse ifuna mutu wace. Filimuyo inaturuka m'caka ca 1955, nilandira mphatso ku Cannes, ku France, m'caka ca 1956. Muli malo ena m'mene ana awiri athamanga m'udzu wautali kukaona sitima ya pamtunda nthawi yoyamba. Ali yense wokulira kumudzi adziwa mtima umenewo. Ray anapanga pafupifupi mafilimu ace onse m'Cibengali, ndipo dziko lonse linamtsata komweko. M'caka ca 1992, ali pa mphasa ya imfa, a ku America anamtumizira mphatso yao yaulemu ya Oscar.

Kumwera nako kunali nkhani yace. M'caka ca 1956 India anakonzanso malire a zigawo zace motsata zinenero. Anthu a Citamil anaopa kuti Cihindi ca kumpoto cidzawapondereza, ndipo kanema anakhala cida cao. Filimu ya Parasakthi ya m'caka ca 1952, yolembedwa ndi M. Karunanidhi, inadzudzula ansembe onyenga ndi eni cuma m'Citamil cakuthwa cimene anyamata anali kuciloweza pamtima. Pamene inafika nthawi yakuti Cihindi cokha cikhale cinenero ca Boma, m'caka ca 1965, kunabuka cipolowe ku Madras ndipo anthu anafa. Boma linabwerera m'mbuyo, nililola Cingerezi kukhalabe pambali pa Cihindi. Kuyambira 1967 cigawo cimeneco cinatsogozedwa zaka zambiri ndi anthu a kanema: C. N. Annadurai ndi Karunanidhi, olemba, M. G. Ramachandran ndi Jayalalithaa, osewera. Kwa anthu a Citelugu, N. T. Rama Rao, amene anazolowera kusewera monga Krishna, anayamba cipani m'caka ca 1982 nalowa ulamuliro m'caka ca 1983. Apa pali cenjezo kwa inu amene mudzaponya voti posacedwa. Munthu wothandiza amphawi pansaru anena mau olembedwa ndi wina. Mumuyese ndi nchito zace akatsikapo.

Nthawi iri yonse inali ndi nkhope yace. Chemmeen ya m'caka ca 1965 inasimba za asodzi a m'mphepete mwa nyanja ya Kerala m'Cimalayalam, nikhala filimu yoyamba ya kumwera kulandira mphatso yaikulu ya Boma la India. M'zaka za ulova ndi kukwera mitengo, Amitabh Bachchan anaoneka monga mnyamata waukali wobwezera cosalungama ndi nkhonya, mu Zanjeer m'caka ca 1973, ndi mu Deewaar ndi Sholay m'caka ca 1975. India atatsegula malonda ace m'caka ca 1991, Shah Rukh Khan ndi Kajol anasewera mu Dilwale Dulhania Le Jayenge m'caka ca 1995 monga ana a Amwenye okulira ku London, ofunsa ngati mwambo wa makolo ukali kuwamanga. Pambuyo pace a Citelugu, amene a ku Bombay anali kuwayesa akumudzi, anadabwitsa onse ndi Baahubali m'zaka za 2015 ndi 2017, ndipo nyimbo ya mu RRR inalandira Oscar m'caka ca 2023. M'caka ca 2024 Payal Kapadia analandira mphatso ya Grand Prix ku Cannes ndi All We Imagine as Light, nkhani ya anamwino a ku Kerala ogwira nchito ku Mumbai, olankhulana cinenero ca kwao mumzinda wa eni.

Ena anena kuti zinenero zambiri zigawa dziko, ndipo kuti tonse tingolankhula Cingerezi kuti tikhale mtundu umodzi. Ine ndiona kuti India anayandikira kusweka pamene cinenero cimodzi cinafuna kukwera pamutu pa zinzace, ndipo anakhazikika pamene ciri conse cinapatsidwa malo. Kuno ku Zambia Boma lazindikira zinenero 7 za zigawo: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Zingathe kubala kanema monga zabala nyimbo. Oonera alipo. Amai athu asiya ndiwo pamoto kuti aonere masewero a ku India omasuliridwa m'Cingerezi pa Zee World. Ku Malawi anyamata amasulira okha mafilimu a ku India ndi a ku China m'Cicewa, ndipo ine ndaona cisakasa coonetseramo citadzaza anthu oseka ndi kuombera m'manja pakumva Mmwenye alankhula monga wa ku Lilongwe. Njala ya kumva cinenero cathu pansaru iripo. Tingoidyetsa nsima ya eni. Rungano Nyoni anaonetsa njira ndi I Am Not a Witch m'caka ca 2017, m'mene mumveka Cinyanja ndi zinenero zina zathu, nalandira nayo mphatso ya BAFTA ku London. The Boy Who Harnessed the Wind ya m'caka ca 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inamveketsa Cicewa m'maiko akutali.

Catsala cinthu cimodzi cimene kalaliki sangacisiye. Mwa mafilimu osalankhula oposa 1,000 amene anapangidwa ku India, otsala lero safika 30, ndipo ambiri mwa iwo ndi zidutswa. Alam Ara inataika yonse. Filimu ya masikuwo inali kugwira moto msanga, ndipo ina inali kugulitsidwa kwa ofuna siliva wa m'kati mwace. Phalke mwini wace anamwalira ku Nashik m'caka ca 1944 ali wosauka ndi woiwalika. Mphatso yochedwa ndi dzina lace inayamba m'caka ca 1969. Nyumba yosungira mafilimu inatsegulidwa ku Pune m'caka ca 1964, ndipo P. K. Nair anatha moyo wace akuyendayenda kufunafuna zotsala m'nkhokwe ndi m'masitolo a zakale. Ine ndatsegulapo failo ndi kupeza ciswe citadya kalata imene mkazi wamasiye anafuna kuti alandire ndalama za mwamuna wace. Cinthu cosasungidwa cikhala ngati sicinakhaleko.

Cifukwa cace ndinena kwa inu, anyamata ndi asungwana: Cingerezi cigwireni, cidzakupatsani nchito monga candipatsa ine. Koma foni imene iri m'thumba mwanu ijambula bwino koposa makina amene Phalke anakagula ku London ndi ndalama yangongole. Mukapita kumudzi, khalani pansi pamaso pa agogo, mupemphe cilolezo mwaulemu, ndipo mujambule nthano zao, nyimbo za pamtondo, ndi mbiri ya pfuko lanu iwo akali moyo. Mulembe tsiku, dzina la mudzi ndi la mfumu, musunge pa malo awiri. Amene ali ndi mphatso ya kulemba alembe sewero m'Cinyanja, aitane anzace, ayambe ndi zimene ali nazo. Fodya wako ndiye ali pamphuno. Wa pacala ngwa mphepo.